Mmene mungasankhire netiweki yoikapo smart contract kuchokera pa webusaiti

Smart contract, kapena kuti kontirakiti, ndi pulogalamu imene imayenda pa netiweki ya blockchain, ndipo ikangoikidwa pa netiweki, sisamukanso. Mukaiika pa Polygon pamene anthu anu ali pa Base, palibe batani loisunthira. Mudzayenera kuika ina yatsopano, kulipiranso gas (chindapusa cha ntchito imene netiweki yachita), ndipo zonse zimene yoyambayo yasunga, ngakhale ndalama, zidzatsala komweko. N'chifukwa chake kusankha netiweki kumafunika kuchitika code isanamalizidwe, osati tsiku loiika pa netiweki (deploy).

Pali chinthu chinanso chimene chimasiyanitsa kuika kontirakiti kuchokera pa webusaiti ndi kuika kuchokera pa kompyuta yanu ndi zida za opanga mapulogalamu ngati Hardhat kapena Foundry. Pa kompyuta yanu, ndinu amene mumalemba adiresi ya RPC, seva yolankhulira ndi netiweki, ndiye transaction imapita kumene mwanena. Pa webusaiti, amene amasaina ndi kutumiza ndi wallet ya munthu, pulogalamu yosunga makiyi ake monga MetaMask, ndipo wallet imatumiza ku netiweki imene yalumikizidwako nthawi imeneyo. Tsamba lanu likhoza kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti "Base" koma wallet ili pa Ethereum, ndipo kontirakiti idzapita ku Ethereum. Choncho ntchito ili pawiri: kusankha bwino netiweki, kenako kuonetsetsa kuti wallet ilidi pa netiweki imeneyo pa mphindi yosainira.

Choyamba: kodi kontirakiti yanu ndi ya EVM?

Funso ili limachotsa manetiweki ambiri nthawi imodzi. Ngati kontirakiti yalembedwa mu Solidity kapena Vyper, imayenda pa manetiweki a EVM (Ethereum Virtual Machine, dongosolo loyendetsera makontirakiti limene linayambira pa Ethereum): Ethereum, Arbitrum One, OP Mainnet, Base, Polygon PoS, BNB Smart Chain, Avalanche C-Chain, Celo, Gnosis ndi ena. Solana si ya EVM; mapulogalamu ake nthawi zambiri amalembedwa mu Rust ndipo amafuna wallet ngati Phantom ndi malaibulale ena. Tron imagwiritsa ntchito Solidity, koma maadiresi ake amayamba ndi T, njira yolipirira ndi ina, ndipo wallet yake yodziwika ndi TronLink, ndiye code ya webusaiti imene mwalembera MetaMask siigwira ntchito kumeneko popanda kusintha. Malangizo otsatirawa ndi a manetiweki a EVM.

Chachiwiri: pitani kumene kuli anthu ndi ndalama zawo

Ambiri amayamba ndi funso la mtengo wa gas. Funso lofunika kwambiri ndi lakuti, anthu amene adzagwiritse ntchito kontirakitiyi ali ndi ndalama pa netiweki iti kale? Munthu aliyense amene adzaitane kontirakiti yanu adzafunika tokeni yolipirira gas ya netiweki imeneyo. Pa Ethereum, Arbitrum One, OP Mainnet ndi Base amalipira ndi ETH. Pa Polygon PoS ndi POL, imene inalowa m'malo mwa MATIC mu September 2024. Pa BNB Smart Chain ndi BNB, pa Avalanche ndi AVAX. Ndipo ETH imene ili pa Ethereum siilipira gas pa Base mpaka itawolotsedwa pa bridge (njira yosamutsira matokeni pakati pa manetiweki) kapena itatulutsidwa ku exchange molunjika ku Base. Ngati munthu ayenera kugula tokeni yatsopano, kuiwolotsa, n'kudikira, asanadine batani lanu loyamba, ambiri adzathera panjira.

Celo ili ndi mwayi wake pa nkhaniyi: imalola kulipira gas ndi ma stablecoin, matokeni otsatira mtengo wa dola monga USDC ndi USDT, ndipo wallet ya MiniPay ya Opera, imene inayambira m'mayiko a mu Africa, imayenda pa netiweki imeneyi. Ngati anthu anu ali pa foni ndipo amangosunga madola a digito, ganizirani zimenezi. Kwa amene akugwira ntchito ali ku Malawi, kumbukiraninso kuti Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dzikomo, ndiye nkhani ya mmene anthu adzapezere tokeni ya gas ndi yoti muiganizire msanga.

Kenako lembani pansi makontirakiti ena onse amene yanu imadalira: USDC, price feed ya Chainlink (yopereka mitengo), router ya Uniswap (yosinthira matokeni), Safe ya multisig (akaunti yofuna masiginecha a anthu angapo). Chilichonse mwa izi chifufuzeni pa netiweki imene mukufuna, chifukwa adiresi imasintha. USDC ya pa Ethereum imayamba ndi 0xA0b8, ya pa Base imayamba ndi 0x8335. Pa Arbitrum ndi Polygon pali USDC ziwiri, imene Circle inatulutsa yokha ndi yowolotsedwa yotchedwa USDC.e, ndipo ndi matokeni osiyana ngakhale mtengo ndi umodzi.

Msampha wina uli pa ma decimal. USDC ndi USDT pa Ethereum zili ndi ma decimal 6, kutanthauza kuti dola imodzi imalembedwa 1000000. Pa BNB Smart Chain, USDT ndi USDC zodziwika kumeneko zili ndi ma decimal 18. Kontirakiti imene munalemba nambala 6 mkati mwa code idzawerengera molakwika kwambiri ikafika ku BNB Smart Chain, ndipo siidzadandaula. Werengani ma decimal kuchokera ku tokeni yeniyeniyo, kapena aperekeni ku constructor (code imene imayenda kamodzi poika kontirakiti) molingana ndi netiweki.

Chachitatu: werengerani gas ndi manambala

Mtengo woika kontirakiti mungauwerengere musanakhudze wallet. Transaction iliyonse imayambira pa gas 21,000. Kupanga kontirakiti kumawonjezera 32,000. Byte iliyonse ya code imene idzasungidwe pa netiweki imadya gas 200. Kutumiza bytecode (code imene compiler yatulutsa) kumadya gas 16 pa byte iliyonse imene si ziro ndi 4 pa byte ya ziro. Pamwamba pa izi pali ntchito ya constructor, ndipo malo atsopano alionse amene yalemba mu storage amadya gas wopitirira 20,000.

Tengani kontirakiti ya ma byte 10,000. Kusunga code ndi gas 2,000,000, kutumiza ndi pafupifupi 160,000, zoyambira ndi 53,000. Zonse pamodzi zimafika pa gas pafupifupi 2,200,000, constructor tisanaiwerengere. Mtengo wa gas ukakhala 10 gwei (ETH imodzi ndi gwei biliyoni imodzi), mulipira 0.022 ETH. Ukakhala 1 gwei, mulipira 0.0022 ETH. Chulukitsani ndi mtengo wa ETH wa tsiku limenelo. Kuchokera mu August 2021, pamene lamulo la Ethereum lotchedwa EIP-1559 linayamba kugwira ntchito, mtengo wa gas pa Ethereum uli ndi magawo awiri, base fee imene imakwera ndi kutsika malinga ndi kudzaza kwa ma block, ndi priority fee imene mumapatsa wotsimikizira ma block (validator). N'chifukwa chake kontirakiti yomweyo imatha kudula mosiyana kwambiri m'mawa ndi madzulo.

Koma ndalama yoika kontirakiti mumalipira kamodzi. Imene imapweteka ndi ya tsiku ndi tsiku. Ngati kontirakiti idzaitanidwa kambirimbiri pa tsiku ndi anthu otumiza ndalama zochepa, gas wa transaction imodzi ndiye wofunika kumuyang'ana, ndipo pamenepa ma Layer 2, manetiweki omangidwa pamwamba pa Ethereum monga Base ndi Arbitrum, amapambana Ethereum kutali, makamaka chiyambire March 2024 pamene kusintha kwa Dencun kunabweretsa ma blob (malo otsika mtengo olembamo data) ndi kutsitsa mtengo umene ma Layer 2 otchedwa ma rollup amalipira polemba data yawo pa Ethereum.

Pa ma rollup pali chindapusa chachiwiri chimene ambiri sachiona. Pa OP Mainnet ndi Base, kupatula gas wamba, pali malipiro a data ya ku Ethereum amene sapezeka mukangochulukitsa gasUsed ndi gasPrice. Amawerengedwa ndi kontirakiti ya GasPriceOracle, ndipo laibulale ya viem ili ndi njira zowafunsira. Pa Arbitrum malipiro amenewa amalowetsedwa mu gas yemweyo, ndiye nambala ya gas imaoneka yaikulu kuposa ya pa Ethereum pa ntchito yofanana. Ngati webusaiti yanu imaonetsa munthu mtengo asanasaine, isagwiritse ntchito masamu amodzi pa manetiweki onse.

Chachinayi: ndani akuteteza netiwekiyo?

Apa ndi pamene kuchuluka kwa ndalama zimene kontirakiti idzasunge kumalamula. Ethereum yakhala pa proof of stake kuyambira pa 15 September 2022. Block imabwera masekondi 12 alionse, ndipo imakhala yomaliza, yosasinthikanso, pakatha mphindi pafupifupi 13. Ndi yodula, koma ili ndi otsimikizira ambiri kuposa manetiweki ena onse a EVM.

Arbitrum One, OP Mainnet ndi Base ndi ma optimistic rollup. Amachita ntchito kunja n'kulemba zotsatira pa Ethereum. Transaction imaoneka yatheka m'masekondi ochepa, koma chimenecho ndi chitsimikizo cha sequencer, seva imene imandandalika ma transaction, ndipo pa iliyonse mwa manetiweki atatuwa imayendetsedwa ndi bungwe limodzi lokha. Sequencer ikaima, anthu amavutika kutumiza ma transaction mwa njira wamba. Komanso kubweza ndalama ku Ethereum kudzera pa bridge yeniyeni ya netiwekiyo kumatenga masiku pafupifupi 7. Ngati kontirakiti yanu ndi ya ngongole kapena imagulitsa chikole mtengo ukatsika, gwiritsani ntchito sequencer uptime feed ya Chainlink, kuti anthu asalandidwe chikole pa nthawi imene sankatha n'komwe kuchitapo kanthu.

Polygon PoS ndi BNB Smart Chain zili ndi otsimikizira awoawo, ochepa poyerekeza ndi a Ethereum. Polygon imalemba ma checkpoint pa Ethereum, koma chitetezo chake cha tsiku ndi tsiku chimachokera kwa otsimikizira ake. Sizikutanthauza kuti ndi zoipa. Kwa masewera, ziphaso, mavoti a gulu kapena malipiro ang'onoang'ono zimakwanira. Pa kontirakiti yosunga chuma chambiri kwa zaka, funsani kuti ndani ali ndi makiyi osinthira bridge ndi malamulo a netiwekiyo. Webusaiti ya L2BEAT imaika ma rollup m'magulu a Stage 0, 1 ndi 2 molingana ndi mphamvu imene eni ake akadali nayo.

Ma bridge ndiwo malo amene ndalama zambiri zatayikira. Wormhole inabedwa ndalama zopitirira madola 300 miliyoni mu February 2022, Ronin zopitirira madola 600 miliyoni mwezi wotsatira. Ngati pulani yanu imadalira kuti anthu aziwolotsa ndalama pafupipafupi, mwina mwasankha netiweki yolakwika.

Chachisanu: gwirizanitsani compiler ndi netiweki

Mawu akuti "imagwirizana ndi EVM" satanthauza kuti zonse n'zofanana ndendende. Vuto lodziwika kwambiri ndi la PUSH0. Kuyambira Solidity 0.8.20, compiler inayamba kupanga bytecode ya mtundu wa EVM wotchedwa shanghai, imene ili ndi opcode (lamulo limodzi la EVM) ya PUSH0. Manetiweki amene anali asanailandire ankakana kontirakiti ndi uthenga wa invalid opcode, ndipo anthu ankathera maola akufufuza cholakwika mu code imene inali yabwinobwino. Kuyambira 0.8.25 compiler inasamukira ku cancun, ndipo nkhani yomweyo ikhoza kubwereranso pa netiweki yotsalira. Manetiweki akuluakulu anafikako kale, koma pa netiweki yaing'ono kapena yatsopano, werengani zolemba zake kuti mudziwe mtundu wa EVM umene ili nawo, kenako lembani evmVersion nokha m'makonzedwe a compiler. Mukakayika, mtundu wakale wa paris ulibe PUSH0 ndipo umayenda pafupifupi paliponse. Mu Remix, chida cholembera makontirakiti mu browser, makonzedwewa ali pansi pa Advanced Configurations pa tsamba la compiler.

Kukula nakonso kuli ndi malire. Pa Ethereum, EIP-170 imaletsa kontirakiti yopitirira ma byte 24,576, ndipo EIP-3860 imaika malire a 49,152 pa initcode, code imene imatumizidwa popanga kontirakiti. Netiweki ya pa kompyuta yanu ikhoza kukonzedwa kuti isasamale malire amenewa, ndiye zonse zimayenda mpaka tsiku limene mwafika ku netiweki yeniyeni. Yatsani optimizer, gawani kontirakiti, kapena tulutsani zina muziike mu library.

Samalaninso ndi nthawi. Kontirakiti imene imawerenga masiku pogwiritsa ntchito block.number, poganiza kuti block iliyonse ndi masekondi 12, idzathamanga kasanu ndi kamodzi pa Base, kumene block ndi masekondi 2. Pa Arbitrum, block.number imabweza nambala yoyandikira ya block ya Ethereum, osati ya Arbitrum. Pa nkhani za nthawi gwiritsani ntchito block.timestamp. Ndipo zkSync Era ili ndi compiler yakeyake, zksolc, komanso pa makontirakiti opangidwa ndi compiler imeneyo adiresi imawerengedwa mwa njira ina, ndiye musaiponye mu mndandanda umodzi ndi enawo musanawerenge zolemba zake.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani pa testnet yoyenera

Yambani pa kompyuta yanu ndi Anvil kapena Hardhat, zimene chain ID yake (nambala yodziwira netiweki) ndi 31337. Kenako pitani ku testnet (netiweki yoyeserera) ya netiweki imene mwasankha, osati ina iliyonse. Wofuna Base ayese pa Base Sepolia, chifukwa Sepolia wamba siidzamuonetsa malipiro a data aja. Maphunziro akale ambiri pa intaneti amatchulabe Ropsten, Rinkeby, Kovan, Goerli ndi Mumbai. Zonsezi zinasiyidwa. Ya Ethereum ya opanga mapulogalamu ndi Sepolia, ya Polygon ndi Amoy. Matokeni oyesera amatengedwa kwaulere ku faucet (webusaiti yogawa matokeni otere), ngakhale ma faucet ena amafuna kuti adiresi yanu ikhale ndi ETH pang'ono pa netiweki yeniyeni. Wina akafuna kukugulitsani ETH ya testnet ngati ndalama yeniyeni, dziwani kuti ilibe mtengo.

Testnet ili ndi chilema chimodzi: makontirakiti amene mumadalira mwina kulibe, kapena ali ndi ndalama zochepa. Njira yabwino ndi kupanga fork (kope) ya netiweki yeniyeni pa kompyuta yanu ndi Anvil, n'kuyesa kontirakiti yanu ikulankhula ndi USDC ndi price feed zenizeni popanda kuwononga ndalama.

Chachisanu ndi chiwiri: lembani mndandanda wa manetiweki mu pulogalamu

Webusaiti ikhale ndi fayilo imodzi yokha imene ikusunga zonse za netiweki iliyonse yololedwa: chain ID, dzina, tokeni ya gas ndi ma decimal ake, adiresi ya RPC, adiresi ya block explorer (webusaiti yoonerapo ma transaction), evmVersion, ndi maadiresi a makontirakiti odalira. Kiyi wa mndandandawu akhale chain ID, osati dzina, chifukwa dzina munthu akhoza kulisintha mu wallet yake. Manambala ofunika ndi awa:

Ethereum 1, testnet yake Sepolia 11155111
OP Mainnet 10, OP Sepolia 11155420
BNB Smart Chain 56, testnet yake 97
Polygon PoS 137, Amoy 80002
Base 8453, Base Sepolia 84532
Arbitrum One 42161, Arbitrum Sepolia 421614
Celo 42220
Avalanche C-Chain 43114, Fuji 43113

Taonani mmene 8453 ndi 84532 zikufananira, komanso 42161 ndi 421614. Nambala imodzi yokha ikusiyanitsa ndalama zenizeni ndi zoseweretsa. Musamayerekeze ma chain ID ndi njira yoona ngati mawu akuyamba mofanana.

Chain ID si chizindikiro chabe. Kuchokera pa EIP-155 ya mu 2016, nambalayi imalowa mu siginecha, kuti transaction yosainidwira netiweki ina isabwerezedwe pa inzake.

Mndandanda umene munthu amasankhapo ukhale waufupi, wa manetiweki amene mwayesa okha. Siyanitsani testnet ndi mainnet (netiweki yeniyeni) mooneka ndi maso, mtundu wina ndi chenjezo, ndipo tsamba likatseguka lisakhale litasankha kale mainnet. Za RPC: ya aliyense imachepetsa kuchuluka kwa mafunso ndipo imagwa nthawi yosayembekezeka, ndiye ambiri amatenga ya Infura, Alchemy kapena QuickNode. Kiyi wa API amene ali mu code ya browser aliyense akhoza kumuona, choncho muikireni malire kuti azigwira pa domain yanu yokha. Private key isafike mu code ya browser mwa njira ina iliyonse. Chilichonse chimene dzina lake layamba ndi NEXT_PUBLIC_ mu Next.js kapena VITE_ mu Vite chimatumizidwa kwa aliyense wotsegula tsambalo, ndipo pali maroboti amene ntchito yawo ndi kusesa makiyi otere.

Chachisanu ndi chitatu: funsani wallet, musangoganiza

Wallet imalankhula ndi tsamba kudzera mu provider ya EIP-1193, imene kale inkangopezeka pa window.ethereum. Munthu akakhala ndi ma wallet awiri kapena atatu mu browser, amalimbirana malo amenewo, ndipo tsamba likhoza kulankhula ndi wallet ina pamene munthu akuyang'ana ina. EIP-6963 inathetsa vutoli polola wallet iliyonse kudzilengeza yokha, ndipo malaibulale ngati wagmi amaigwiritsa ntchito kale.

Ndondomeko yake ili motere. Itanani eth_requestAccounts kuti munthu alumikize. Itanani eth_chainId. Yankho limabwera mu hex, mwachitsanzo 0x2105 ya Base kapena 0xaa36a7 ya Sepolia, ndiye lisandutseni nambala musanayerekeze. Mu laibulale ya ethers mtundu wa 6, chainId yochokera ku getNetwork ndi BigInt, ndipo kuyerekeza 8453n ndi 8453 pogwiritsa ntchito === kumabweza false nthawi zonse. Kalakwika kakang'ono aka kamachititsa tsamba kumangouza munthu kuti asinthe netiweki pamene ali kale pa yoyenera.

Manambala akasiyana, itanani wallet_switchEthereumChain ndi chain ID ya mu hex. Pali mayankho atatu oti muwakonzekere. Nambala 4902 ikutanthauza kuti wallet siikuidziwa netiwekiyo. Itanani wallet_addEthereumChain ndi zonse za mu fayilo ija, kenako funsaninso eth_chainId, chifukwa kuwonjezera netiweki sikutsimikizira kuti wallet yasamukirako. Nambala 4001 ikutanthauza kuti munthu wakana. Imani pomwepo, musapitirize kupanga deploy, ndipo musamubwerezere pempho mosalekeza. Nambala -32002 ikutanthauza kuti pali pempho lina limene likudikira mu wallet, nthawi zambiri pawindo limene labisala kuseri. Muuzeni atsegule wallet yake. Ma wallet ena a pa foni amabisa 4902 mkati mwa error ina, ndiye yang'ananinso m'kati mwa data ya yankholo.

Mvetserani ma event a chainChanged ndi accountsChanged. Munthu akhoza kusintha netiweki mu wallet pakati pa nthawi imene tsamba linatseguka ndi nthawi imene akudina batani. Zikachitika, tayani provider ndi signer zakale, pangani zatsopano, werengeraninso gas, tenganinso maadiresi a constructor. Ndipo ngakhale mwachita zonsezi, funsaninso eth_chainId mkati mwa ntchito ya batani la deploy, mzere umodzi musanatumize. Ngati mukugwiritsa ntchito viem kapena wagmi, perekani chain mu pempho lenilenilo kuti laibulale ikane yokha ikapeza kusiyana.

Pali kusokonekera kwina kobisika. Mapulogalamu ambiri amawerenga data kudzera pa RPC yawo koma amalemba kudzera pa wallet. Ziwirizi zikakhala pa manetiweki osiyana, tsamba limaonetsa ndalama za pa Base pamene transaction ikupita ku Ethereum. Onse awiri atenge chain ID pamalo amodzi.

Amene akugwiritsa ntchito Remix ali ndi vuto lomweli m'maonekedwe ena. Pa tsamba la Deploy and Run Transactions, Remix VM ndi netiweki yoyerekezera ya mu browser, ndipo kontirakiti yoikidwa kumeneko siipezeka pa explorer iliyonse. Mukasankha kulumikiza ndi wallet ya mu browser, werengani nambala ya netiweki imene Remix yaonetsa pansi pa bokosilo musanadine Deploy.

Chachisanu ndi chinayi: ikani, dikirani, tsimikizirani

Musanapemphe siginecha, itanani estimateGas. Ikakana, nthawi zambiri ndiye kuti constructor ikulephera (revert), opcode siikudziwika, kapena kontirakiti yakula kwambiri. Musakakamize polemba gas limit ndi dzanja, chifukwa transaction yolephera imadyabe gas. Onaninso ngati akauntiyo ili ndi tokeni ya gas yokwanira pa netiweki imeneyo.

Adiresi iliyonse ya kontirakiti imene mukupereka ku constructor, iyeseni ndi eth_getCode pa netiweki yosankhidwa. Yankho likakhala 0x, palibe kontirakiti pamenepo. Izi n'zofunika chifukwa constructor imene ikungosunga adiresi siidandaula ngakhale adiresiyo ndi ya netiweki ina, ndipo ngati munaiika kukhala immutable, kontirakiti yonse yafa isanayambe ntchito. Choopsa kwambiri, low-level call yopita ku adiresi yopanda code imabweza kuti zatheka.

Munthu akangodina, zimitsani batani. Kudina kawiri kumaika makontirakiti awiri pa maadiresi awiri ndi malipiro awiri. Sungani transaction hash pamodzi ndi chain ID nthawi yomweyo, kuti intaneti ikaduka kapena tsamba likatsekedwa mudzathe kupitiriza. Mu ethers, ContractFactory imabweza adiresi transaction isanalowe mu block, chifukwa adiresi imawerengedwa kuchokera ku adiresi ya wotumiza ndi nonce yake (chiwerengero cha ma transaction amene watumiza kale). Musaionetse ngati zatheka mpaka waitForDeployment itamaliza ndipo receipt ili ndi status 1. Ngati kontirakiti idzalandira ndalama zambiri, dikirani mpaka block ikhale finalized musanaiike chilichonse.

Kenako tsimikizirani source code pa explorer ya netiwekiyo, monga Etherscan, Basescan, Arbiscan, Polygonscan kapena BscScan, kapenanso pa Sourcify. Pamafunika mtundu womwewo wa compiler, optimizer ndi nambala ya runs yomweyo, evmVersion yomweyo, ndi ma argument a constructor. Chimodzi chikasiyana, bytecode siifanana ndipo explorer imakana. Ngati webusaiti yanu imapanga compile mu browser, isunge makonzedwe amenewa pamodzi ndi adiresi.

Adiresi isasungidwe yokha mu database. Isungidwe pamodzi ndi chain ID. Tsiku lina mukadzaona ethers ikunena kuti could not decode result data ndipo value ndi 0x, yambani mwafunsa kuti wallet ili pa netiweki iti, chifukwa kawirikawiri ndiye kuti mukuitana adiresi yoyenera pa netiweki yolakwika.

Ngati mukufuna manetiweki angapo

Popeza adiresi imachokera kwa wotumiza ndi nonce, akaunti imodzi ikhoza kupeza adiresi yofanana pa manetiweki awiri ngati nonce ili yofanana konsekonse. Transaction imodzi yokha yoiwalika imasokoneza zimenezi. Njira yodalirika ndi CREATE2, imene imawerengera adiresi kuchokera ku factory, salt ndi initcode. Koma kumbukirani kuti ma argument a constructor ali mbali ya initcode. Mukapereka adiresi ya USDC yosiyana pa netiweki iliyonse, adiresi ya kontirakiti nayonso isiyana. Opanga ena amachotsa zoterezi mu constructor n'kuziika mu initialize, ndipo akatero ayenera kuiitana mu transaction yomweyo, apo ayi wina akhoza kuwadumphira n'kudzipanga mwini.

Kufanana kwa adiresi kusakupusitseni kuti mwini ndi mmodzi. Akaunti wamba ya private key ndi yanu pa manetiweki onse a EVM, koma multisig ndi kontirakiti, ndipo imakhalapo kumene inaikidwa kokha. Mu 2022 matokeni a OP okwana 20 miliyoni anatumizidwa ku adiresi ya multisig ya kampani ya Wintermute pa Optimism, pamene multisig imeneyo inali itaikidwa pa Ethereum pokha. Munthu wina anafulumira kuika kontirakiti pa adiresi imeneyo ku Optimism n'kutenga matokeniwo. Choncho musanalembe adiresi ya Safe ngati owner wa kontirakiti yanu yatsopano, iyeseni ndi eth_getCode pa netiweki imene mukuikapo, tsegulani pa explorer muone eni ake, ndipo tumizani transaction yaing'ono kuchokera ku Safe imeneyo musanaisamutsire umwini.